Madiredi onenepa ogwirana okha: kayambidwe, kalumikizidwe ndi kasamalidwe kake

Tsitsi lathu ndi lopotanapotana kale, ndipo mukangosiya kulipesa limayamba lokha kukolana. Tsiku lililonse pamutu pa munthu pamathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100. Wopesa amaliona pachipeso n'kulitaya, koma kwa amene wasiya chipeso, tsitsi lothothokalo limatsalira pakati pa linzake n'kumakulungizana mpaka kulimba. Diredi limabadwa choncho, popanda mankhwala aliwonse. Ntchito yanu ili pa zinthu zitatu: kusankha pamene tsitsi ligwirane ndi pamene lisagwirane, kulisunga laukhondo, ndi kuonetsetsa kuti lauma mpaka m'kati. Madiredi ambiri amene amaduka kapena kununkha amakhala kuti mwini wake walekerera chimodzi mwa zitatuzi, ndipo akakhala onenepa vuto limakula msanga chifukwa amalemera komanso amasunga madzi.

Musanayambe

Yang'anani kaye khungu la pamutu. Ngati pali zilonda, chipere, kapena mumavutika kwambiri ndi mfundu, chizani zimenezo tsitsi likadali lalifupi. Madiredi akagwirana, kufikitsa mankhwala pakhungu kumavuta.

Ngati tsitsi linawongoledwa ndi mankhwala a kusaluni, metani mbali yowongokayo. Tsitsi lotere ndi lofooka, limachedwa kugwirana, ndipo limadukira pamalire pamene lakumana ndi tsitsi lachilengedwe. Kuyamba ndi masentimita 3 kapena 5 a tsitsi lanulanu kuli bwino kuposa masentimita 15 a tsitsi lopserera ndi mankhwala.

Dziwaninso za nthawi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo palibe mafuta amene angachulukitse liwiro limeneli kawiri. Pachaka choyamba madiredi amaoneka ngati sakutalika n'komwe, chifukwa tsitsi likamagwirana limakwinyika. Kuti akhwime bwinobwino pamatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo onenepa kwambiri amatha kupitirira pamenepo.

Zida zofunika n'zochepa: shampu woonekera m'kati wopanda mafuta ambiri, beseni, kabotolo kopopera madzi, malaya akale a thonje kapena chitenje chofewa chopukutira, mafuta opepuka, ndi mpango wa satini wogona nawo.

Gawo loyamba: kuyambitsa

Pali njira zitatu, ndipo zimasiyana pa mphamvu imene mukufuna kukhala nayo pa maonekedwe a mutu wanu.

Yoyamba ndi kungosiya chipeso. Mumatsuka tsitsi sabata iliyonse, kuliumitsa, basi. Pakapita milungu 4 mpaka 8 tsitsi limayamba kudzigawa lokha m'timagulu. Madiredi a njira imeneyi amatuluka osiyanasiyana: ena aakulu, ena aang'ono, ena ophwatalala. Kunkhongo, kumene mumagonera, kumagwirana msanga kuposa paliwombo.

Yachiwiri ndi kupukusa ndi thaulo kapena siponji ya mabowo. Imagwira bwino pa tsitsi la masentimita 2 mpaka 5. Nyowetsani tsitsi pang'ono, gwirani thaulo m'manja, ndipo zungulizani pamutu mopepuka kwa mphindi 5 kapena 10, kawiri kapena katatu pa sabata. Zungulizirani mbali imodzi nthawi zonse. Mukasintha mbali mumamasula zomwe munapota dzulo. Timagulu tikaoneka ndipo tikamakhala osamasuka mukatsuka, siyani kupukusa. Kupitiriza kumangodula tsitsi, makamaka m'litsipa. Dziwani kuti njira imeneyi imatulutsa timadiredi tambiri ting'onoting'ono, choncho amene akufuna onenepa adzayenera kutilola kulumikizana pambuyo pake.

Yachitatu ndi kugawa mutu nokha n'kupota kamodzi, kenako n'kusiya chilengedwe chipitirize. Kwa munthu amene cholinga chake ndi madiredi onenepa okhala ndi tsinde lolimba, njira imeneyi ndi yomwe timailimbikitsa. Pamafunika tsitsi la masentimita 6 mpaka 8 kapena kuposa. Chitani motere:

1. Tsukani tsitsi ndipo mulisiye lonyowa pang'ono.
2. Pemphani wina akugawireni mutu m'zigawo za masentimita 2.5 mpaka 3 mulitali ndi mulifupi.  Ofuna onenepa zedi akhoza kufika masentimita 4.
3. Mizere isayang'anane ndendende. Chigawo cha mzere wapamwamba chikhale pakati pa zigawo ziwiri za mzere wapansi, kuti diredi lapamwamba lizidzagwera pampata n'kubisa khungu.
4. Chigawo chilichonse chigaweni pawiri n'kupota mbali ziwirizo mpaka kunsonga. Musakoke mpaka khungu kutukumuka.
5. Musapotenso. Zikamasuka zina potsuka, potaninso zomwezo zokha.

Mizere ya zopotazo imaonekabe kwa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka, kenako imazimirira.

Gawo lachiwiri: tsinde ndilo limanyamula zonse

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kunenepa kwa diredi kumachokera pa kukula kwa malo a pakhungu amene akulidyetsa tsitsi. Malo akakhala aakulu, tsitsi lolowa m'diredi limachuluka, ndipo diredi limanenepa lili ndi mphamvu yodzinyamula. Mukanenepetsa thupi la diredi powonjezera tsitsi logula kapena pokulunga ulusi, koma tsinde n'kukhala laling'ono, ndiye kuti tsitsi lochepa likunyamula katundu wosayenera. Limayamba kuzuka pang'onopang'ono mpaka diredi kulendewera pa timatsitsi towerengeka.

Tsitsi silifanana kuchuluka pamutu ponse. M'mphepete mwa mphumi, m'litsipa ndi kumunsi kwa nkhongo limakhala lopyapyala komanso lofewa. Madiredi a malo amenewa asakhale olemera ngati a paliwombo, ndipo tsinde lawo lizilowa m'kati mwa mutu kuti litengeko tsitsi lolimba. Timatsitsi tofewa ta m'mphepete tisiyeni. Musatikokere m'diredi pofuna kuti mutu uoneke wosalala.

Kupotapota patsinde pafupipafupi n'kumene kumaonetsa madiredi kuonda. Ofuna onenepa amasiya tsitsi latsopano la patsinde, masentimita 2 kapena 3, lili lotayirira. Limadzagwirana lokha likamakula, ndipo kutayirira kwakeko kumathandiza kuti kulemera kugawanike pakhungu ponse.

Gawo lachitatu: kulekanitsa ndi kulumikiza

Tsitsi likanyowa n'kuuma, la diredi limodzi limakwawira kwa loyandikana nalo. Mukalisiya, madiredi awiri kapena atatu amamatana patsinde n'kukhala limodzi, lomwe ambiri amalitcha kongo. Izi ndi zimene mukufuna, koma pamalo amene mwasankha inu. Mukalekerera zonse, makamaka kunkhongo, mumapeza chimkeka chimodzi cha tsitsi chophimba khungu, chosatsukika komanso chosauma.

Kulekanitsa kumachitika mukangotha kutsuka, tsitsi likadali lonyowa, chifukwa likauma limathyoka. Yendetsani zala pakhungu mozungulira diredi lililonse. Mukapeza tsitsi loyanga pakati pa madiredi awiri amene simukufuna kuti alumikizane, gwirani limodzi kudzanja lamanja, lina kumanzere, pafupi ndi tsinde, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka mpata ufike pakhungu. Mudzamva timaphokoso ta tsitsi lothothoka kale likumasuka. Ngati mukumva kuwawa kwambiri, nyowetsaninso ndipo mumasule ndi chala tsitsi pang'onopang'ono. Lumo kapena sizasi zisafike patsinde. Tsitsi limene mwadula limachoka m'gulu lonyamula diredi, ndipo pakapita miyezi tsinde limaonda. Pachaka choyamba chitani zimenezi nthawi iliyonse mwatsuka. Madiredi akakhwima, kawiri pamwezi n'kokwana.

Kulumikiza kumafuna kuganiza kaye, chifukwa madiredi akamatana kwa miyezi ingapo kuwalekanitsanso kumawononga tsitsi. Musanasankhe, onani zinthu izi. Madiredi akhale oyandikana, ogawana malire pakhungu. Akhale ogwera mbali imodzi: lina likamagwera kutsogolo, lina kumbuyo, tsinde limakokedwa mbali ziwiri ndipo limapweteka. Diredi loonda patsinde lilumikizeni ndi lolimba, osati ndi loonda linzake. Ndipo lumikizani awiriawiri. Akagwirana bwino, pakapita miyezi 3 kapena 4, mukhoza kuwonjezera lachitatu.

Njira yachilengedwe ndi kungosiya kulekanitsa awiri amene mwasankhawo, uku mukupitiriza kuwalekanitsa ndi ena onse owazungulira. Tsitsi latsopano limamera ngati diredi limodzi, ndipo kumunsi kumatsala nsonga ziwiri. Mphanda imeneyi imatsikira kumunsi tsitsi likamakula. Anthu ambiri amaikonda ndipo amaisiya. Ilibe vuto lililonse pa thanzi la tsitsi.

Ngati mukufuna kuti thupi lonse ligwirane, njira imadalira msinkhu wa madiredi. Osakwana chaka akadali ofewa: apoteni pamodzi monga mmene mumapotera chingwe, mumange kunsonga ndi ulusi wakuda wa thonje, ndipo muzitsuka ali chipotere. Pakatha milungu 4 mpaka 6 chotsani ulusiwo. Okhwima sagwirana okha mosavuta chifukwa kunja kwake kunatsekeka kale. Pamenepo pamafunika singano ya crochet, yolukira yokhala ndi kangowe kunsonga, ya mamilimita 0.5 kapena 0.75. Gwirani madiredi awiriwo mophatikiza, lowetsani singano kupyola onse awiri, kokani timatsitsi ta limodzi kulowetsa mwa linzake, ndipo muzitembenuza uku mukutsika. Yambirani masentimita 2 kuchokera pakhungu, ndipo singano izikowa tsitsi pang'ono, osalikhadzula. Singano ikagwiritsidwa ntchito mopitirira imaduladula tsitsi m'kati, ndipo kuwonongeka kwake kumadzaonekera pakapita miyezi diredi likayamba kufooka pakati.

Timalabala tomangira ndalama sitabwino. Timafinya malo amodzi n'kusiya khosi lopyapyala, ndipo tikaiwalika timasungunuka ndi dzuwa n'kumata m'kati mwa tsitsi. Ngati mulibe china, mangani motayirira ndipo muchotse pasanathe milungu iwiri. Guluu asayandikire n'komwe.

Gawo lachinayi: kutsuka

Mawu akuti madiredi amagwirana msanga ukapanda kusamba m'mutu ndi abodza. Mafuta a pakhungu ndi litsiro zimatereretsa tsitsi, ndipo tsitsi loterera silikolana. Loyera, louma bwino, ndilo limagwirana msanga.

Tsukani kamodzi pa sabata madiredi akadali aang'ono. Akanenepa n'kutalika, kamodzi pa masiku 10 mpaka 14 n'kokwana, pokhapokha ngati ntchito yanu ndi ya thukuta kapena fumbi.

1. Sungunulani shampu: supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri m'kapu ya madzi ofunda. Shampu wosasungunula amakakamira pakati pa diredi lonenepa ndipo sachoka.
2. Nyowetsani mutu wonse mpaka madiredi alemere. Onenepa amatenga kanthawi kuti madzi alowe.
3. Thirani shampu pakhungu n'kutikita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo, kwa mphindi 3 kapena 4.
4. Thovu likatsikira m'madiredi, finyani lililonse kuyambira patsinde kutsika.
5. Tsukuluzani nthawi yowirikiza kawiri imene mwatsukira. Finyani diredi limodzi la kunkhongo m'manja: ngati madzi otuluka ndi oyera ngati mkaka kapena oterera, sopo akadalimo.

Kondishona wokhuthala musagwiritse ntchito, makamaka chaka choyamba. Amamasula mfundo zimene tsitsi likumanga ndipo amasiya zoyerayera m'kati. Sopo wa ufa wochapira zovala amaumitsa khungu mpaka kulisenda.

Madzi nawo ali ndi gawo lake. A m'mijigo ndi m'zitsime zina, monga m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amakhala ndi mchere wambiri. Madzi otere akakumana ndi sopo wamtanda amapanga zinthu zotuwa zomata, zomwe mumazionanso m'mphepete mwa beseni, ndipo zimenezo zimatsalira m'diredi. Chizindikiro chake n'chakuti sopo amavuta kuchita thovu. Ngati madzi a kwanu ndi otero, gwiritsani ntchito shampu m'malo mwa sopo wamtanda, ndipo madzi omaliza kutsukuluzira muthiremo supuni zazikulu ziwiri za viniga pa lita imodzi. M'dzinja tungani madzi a mvula oyera, ndi ofewa ndipo amatsuka bwino kwambiri.

Timadiredi tatsopano tikamamasuka potsuka, valani kaneti kapena sokosi yopyapyala ya amayi kumutu n'kutsukira pamwamba pake, kwa mwezi woyamba wokha.

Gawo lachisanu: kuumitsa

Pa madiredi onenepa, gawo ili ndi lofunika kuposa ena onse. Diredi lonenepa lili ngati mtolo wa udzu wofolera: kunja kukhoza kuuma gwa m'kati muli chinyontho. Chinyonthocho chikakhalitsa, m'kati mumachita chuku, ndipo mumamva fungo la chovala chimene chagonera m'ndowa chili chonyowa. Fungo limeneli limabwerera nthawi iliyonse tsitsi likanyowa, ndipo kulichotsa n'kovuta kwambiri kuposa kulipewa.

Tsukani m'mawa, osati madzulo. Mukamaliza, finyani diredi lililonse ndi manja kuyambira patsinde mpaka kunsonga, osalipotokola. Kenako likulungeni m'malaya a thonje kapena chitenje n'kufinyanso. Nsalu ikanyowa tengani ina youma, n'kubwereza mpaka nsalu isamanyowenso kwambiri. Thaulo la ubweya limasiya timaulusi m'tsitsi, ndipo loyera ndilo loipitsitsa chifukwa timaulusi take timaonekera.

Akatero, asiyeni omasuka padzuwa kapena pamphepo. Musawamange, musavale chipewa kapena duku. Diredi lonenepa ngati chala chachikulu likhoza kutenga tsiku lathunthu kuti liume, ndipo loposa pamenepo limafika tsiku lachiwiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, kapena kwa amene ali ku Britain m'nyengo yozizira, dzuwa lokha silikwanira. Gwiritsani ntchito makina oumitsira tsitsi pa kutentha kwapakati kwa mphindi 30 mpaka 45, mutawatalikitsa pang'ono ndi khungu. Ngati magetsi kulibe ndipo kunja kwachita mitambo, dikirani tsiku lina, ndipo khungu mungolipukuta ndi kansalu konyowa.

Kuti mudziwe ngati auma, tengani diredi lonenepa kwambiri la kunkhongo, lipindeni pakati n'kulifinya mwamphamvu ndi kapepala kofewa. Kapepalako kakanyowa, kapena mukamva kuzizira pakati pa diredi, silinaume. Mvula ikakunyowetsani panjira, chitani chimodzimodzi ngati mwatsuka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: madzi ndi mafuta

Chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi. Mafuta amangothandiza kuti madziwo asachoke msanga. Poperani madzi oyera pang'ono kawiri kapena katatu pa sabata, ongonyowetsa pamwamba, m'mawa. M'nyengo yotentha ya Okutobala mukhoza kupopera tsiku lililonse.

Mafuta akhale opepuka, monga a mlambe, a olivi, a jojoba kapena a kokonati. Supuni yaing'ono imodzi ndi yokwana mutu wonse, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Pakani pakhungu ndi zala, ndipo otsala m'manja mupukutire m'madiredi. Mafuta a nsatsi ndi olemera komanso omata: madontho awiri kapena atatu m'litsipa ndi okwana. Ngati muli ndi mfundu, chepetsani mafuta pakhungu, chifukwa kwa anthu ambiri amawonjezera vutolo.

Vaseline, phula la njuchi, mafuta olimba a m'chitini opaka m'tsitsi ndi jelo wokhuthala sizichoka ndi madzi. Zimalowa pakati pa diredi, zimagwira fumbi, zimatsekera chinyontho m'kati, ndipo patapita zaka mukadula diredi mumapeza phala lotuwa. Mankhwala otsukira mano, mazira, uchi ndi zakumwa za shuga, zimene ena amalangizana kuti zimagwiranitsa tsitsi, sizithandiza chilichonse. Zimangowotcha khungu kapena kuitana fungo.

Tsitsi limamera kuchokera m'thupi, choncho chakudya chili ndi mbali yake. Nyemba, mtedza, usipa, mazira ndi masamba monga bonongwe ndi chisoso zimapereka zomanga thupi ndi ayironi. Kuchepa kwa magazi kumathothola tsitsi, ndipo pa madiredi kumaonekera ngati kuonda kwa tsinde pamutu ponse.

Usiku ndi kuntchito

Gonani mutamanga mpango wa satini motayirira, kapena vekani pilo nsalu ya satini. Ubweya wa bulangete ndi wa juzi ukalowa m'diredi umalukana ndi tsitsi ndipo suchoka potsuka. Madiredi a kunkhongo ndi amene amatola wambiri chifukwa amakhudza kolala. M'mawa uliwonse ayang'aneni ndi kalilole, ndipo timaulusi timene tili pamwamba mutichotse ndi zala tisanalowe.

Ogwira ntchito kuchigayo, pa simenti, pa matabwa, pa makala, ndi oyendetsa kabaza m'misewu ya fumbi aziphimba madiredi ndi nsalu yopyapyala, ndipo akaweruka aziwamasula kuti thukuta liume. Mukasambira kunyanja, tsukuluzani mchenga ndi madzi oyera tsiku lomwelo.

Pomanga madiredi gwiritsani ntchito nsalu yotambalala kapena diredi limodzi lalitali, ndipo musinthesinthe pomangira. Mukamva kukoka pamphumi kapena mutu kuwawa, mwamanga kwambiri.

Kuviika kochotsa zotsalira

Kawiri kapena katatu pachaka, madiredi amene akwanitsa chaka amafuna kuviikidwa. Thirani malita 4 kapena 5 a madzi ofunda m'beseni, musungunulemo supuni zazikulu 4 za soda wophikira therere. Gonani chagada mutu uli m'beseni kwa mphindi 15 mpaka 20, mukufinyafinya madiredi. Madzi amada. Tsukuluzani bwinobwino. Kenako sakanizani theka la kapu ya viniga, makamaka wa maapulo, ndi malita awiri a madzi, thirani pamutu ponse, dikirani mphindi 3 mpaka 5, n'kutsukuluzanso.

Soda ndi viniga musaziphatikize m'beseni limodzi. Zikasakanizana zimachita thovu n'kuthetsana mphamvu. Soda amayamba kuti amasule litsiro, viniga amabwera pambuyo kuti abwezeretse khungu ndi tsitsi m'malo mwake, chifukwa soda yekha amasiya tsitsi lokhakhala. Musawonjezere muyeso wa soda ndipo musaviike mwezi uliwonse, tsitsi limauma n'kumathyoka. Ngati pamutu pali bala, dikirani lipole.

Zimene mudzaone miyezi ikamapita

Miyezi itatu yoyamba tsitsi limakhala lofewa ndipo limamasuka mosavuta. Pakati pa miyezi 3 ndi 9 mumayamba kumva timfundo tolimba pakati kapena kufupi ndi nsonga, ndipo madiredi amafufuma. Timfundoti musatiphwanye, ndi pomwe kugwirana kwayambira. Kuyambira miyezi 9 mpaka 18 madiredi amaima mbali iliyonse, amafupika, ndipo timatsitsi timatuluka ponseponse. Nthawi imeneyi ndi imene ambiri amataya mtima n'kumeta, kapena kuthamangira kokapotetsa mwamphamvu n'kuwononga kunenepa kumene amafuna. Pirirani. Kulemera kukayamba amagwa okha, ndipo kufufuma kuja kumatsika pang'ono akamalimba.

Ndi nthawi yomweyinso imene mawu a achibale ndi a kuntchito amachuluka. Ku Malawi maganizo odana ndi madiredi ali ndi mbiri yake, popeza m'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Zinthu zasintha: mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Rastafari kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kwa makolo amene akusunga madiredi a mwana, kumbukirani kuti khungu ndi khosi la mwana n'zanthete. Madiredi ake akhale apakatikati, ndipo kulumikiza kudikire akule.

Zikavuta

Tsinde likaonda, siyani kupota ndi kumanga mokoka, ndipo lilumikizeni ndi diredi lolimba loyandikana nalo. Ngati diredi ndi lalitali, lidulenikoni kunsonga kuti lipepuke. Khungu likayamba kuoneka losalala ndi lonyezimira m'litsipa kapena pamphumi, kapena pakatuluka timatuza patsinde, ndiye kuti kukoka kwafika poononga mizu. Vutoli likagwidwa msanga tsitsi limameranso, koma likakhalitsa dazi lake silichoka. Pitani kuchipatala. Amayi ambiri amathothoka tsitsi miyezi 2 mpaka 4 atabereka. Zimenezi zimatha zokha, chofunika ndi kusamanga madiredi mokoka m'miyezi imeneyo.

Diredi lophwatalala limabwera chifukwa chogonera mbali imodzi, makamaka lili lonyowa. Likadali laling'ono lifikiseni pakati pa zikhatho mukangotsuka, kwa masekondi 20 kapena 30. Likakhwima silisinthanso, koma ndi lolimba ngati ena onse.

Timadontho toyera tomwe timaoneka m'thupi la diredi nthawi zambiri ndi mitu ya tsitsi lothothoka, osati mazira a nsabwe. Mazira a nsabwe amamatirira pa tsitsi pafupi kwambiri ndi khungu, makamaka kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, ndipo pamakhala kuyabwa kosaleka. Nsabwe sizikakamiza kumeta. Gulani mankhwala a nsabwe ku famase, pakani pakhungu ndi patsinde la diredi lililonse motsatira malangizo ake, ndipo mubwereze pakatha masiku 7 mpaka 10 kuti muphe zoswa kumene, popeza chipeso chochotsera mazira sichingadutse. Zogonera ndi mipango muzichape ndi madzi otentha.

Vuto la mfundu likapitirira, shampu wa ketoconazole amathandiza. Mupakeni pakhungu, dikirani mphindi 5, n'kutsukuluza kwambiri, kawiri pa sabata kwa milungu 2 mpaka 4, ndipo nthawi iliyonse muumitse mokwanira. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha. Chimafuna mapiritsi a kuchipatala omwa kwa milungu ingapo.

Fungo la chuku likayamba, viikani monga tafotokozera, mutalikitse nthawi ya viniga mpaka mphindi 10, ndipo muumitse ndi makina mpaka m'kati. Bwerezani viniga yekha pakatha sabata. Ngati fungo likubwererabe pa diredi limodzi, dulani mbali yowonongekayo. Mankhwala oyeretsa tsitsi kuti lisinthe mtundu amafooketsa diredi ndipo ndi ovuta kuwatsukuluza m'kati mwa lonenepa. Amene akufunitsitsa apake kunsonga kokha, madiredi atakhwima.

Madiredi onenepa akafika pamsana amalemera, makamaka akanyowa, ndipo khosi limamva. Potsuka weramirani m'beseni kuti madzi anyamule kulemerako, ndipo muwafinye musanadzutse mutu. Kudulako masentimita angapo sikuwamasula ngati akhwima. Dulani ali ouma, ndi sizasi yakuthwa, mopendeketsa pang'ono, ndipo nsongayo imadzatsekeka yokha mukatsuka kangapo.